Katuni imayambira m'khutu: ntchito ya mawu ndi animatic pokonza filimu yaifupi

Anthu ambiri akamaonera makatuni pa wailesi yakanema kapena pa foni amaganiza kuti wojambula amayamba wamaliza zithunzi zonse, kenako n'kuitana akatswiri a zisudzo kuti adzaikemo mawu. M'masitudiyo ambiri a ku America ndi ku Ulaya ntchito siyenda choncho. Mawu ndiwo amayamba kutepedwa, ndipo filimu yonse imayamba yaoneredwa ili m'zithunzi zongokhwatcha ndi pensulo, zopanda utoto komanso zosayenda, chithunzi chenicheni chisanajambulidwe n'chimodzi chomwe. Filimu yoyesera imeneyi akatswiri amaitcha animatic.

Chifukwa chake chagona pa masamu. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Ojambula pamanja nthawi zambiri amaonetsa chithunzi chimodzi kawiri motsatizana, motero amajambula zithunzi 12 pa sekondi. Katuni ya mphindi zitatu ili ndi masekondi 180, kutanthauza zithunzi 2,160 ngati mtengambali mmodzi akuyenda kapena kulankhula nthawi yonseyo. Mongoyerekeza, wojambula amene amatsiriza zithunzi 20 patsiku angafunike masiku 108 kuti afike kumapeto. Akadzazindikira mochedwa kuti chigawo china cha masekondi 20 n'chosafunika, ndiye kuti wataya zithunzi 240, lomwe ndi thukuta la masiku 12.

Wojambula filimu ya anthu enieni ali ndi mwayi wobwereza chigawo chimodzi kasanu kapena kakhumi, n'kudzasankha chokoma pambuyo pake. Wa katuni mwayi umenewo alibe, pakuti sekondi iliyonse amachita kuiumba ndi manja. N'chifukwa chake amayenera kudula, kusintha ndi kutaya zosafunika filimuyo ikadali yotsika mtengo. Mawu otepedwa ndi animatic ndizo zida zomuthandiza kutero.

Sewero papepala ndi wotchi m'manja

Ntchito imayamba ndi sewero lolembedwa. Bungwe lomwe limapereka mphoto za Oscar ku America limati filimu yaifupi ndi yomwe siipitirira mphindi 40, koma kwa kagulu ka anthu awiri kapena atatu kongoyamba kumene, mphindi zitatu ndi katundu wokwanira. M'mphindi zitatu mumangokwana nkhani imodzi: mtengambali mmodzi wofuna chinthu chimodzi, chomutsekereza, ndi mathero ake.

Nthano yodziwika ya Kalulu ndi chitsime ingapereke chitsanzo. Pa nthawi ya chilala nyama zonse zikumba chitsime, Kalulu akana kugwira nawo ntchito, koma amabwera mozemba kudzatunga madzi atapusitsa alonda, mpaka tsiku lomwe Fulu amugwira. Agogo akamasimba nthanoyi pamoto amatha kutchula alonda anayi kapena asanu, aliyense ndi tsiku lake. Mu katuni mlonda aliyense ndi mtengo wapadera: ayenera kujambulidwa chakutsogolo, chammbali ndi chakumbuyo, ayenera kukhala ndi kayendedwe kake, milomo yake ndi munthu womulankhulira. Wokonza wanzeru amasiya mlonda mmodzi wopusitsidwa, kenako Fulu, ndipo nthano imamvekabe.

Sewero likalembedwa limawerengedwa mokweza, wina atagwira wotchi. Olemba mafilimu a Chingerezi amayerekeza kuti tsamba limodzi ndi mphindi imodzi, koma muyeso umenewu sungadaliridwe pa Chichewa, chomwe mawu ake ambiri ndi aatali ndipo moni weniweni amatenga nthawi. Kuwerenga mokweza kumaululanso ziganizo zomwe zimaoneka bwino papepala koma zimakola lilime, komanso mawu omwe akungobwereza zomwe chithunzi chidzaonetse kale. Ngati Kalulu adzaoneka akunyambita uchi, palibe chifukwa choti anenenso kuti uchiwo ukutsekemera.

Chifukwa chake mawu amatsogola

Mawu ndiwo amapereka nthawi. Munthu akamalankhula amapuma, amazengereza, amakoka liwu lina ndi kumeza lina, ndipo zonsezi zimauza wojambula kutalika kwa kachigawo ndi momwe thupi la mtengambali liyenera kukhalira. Fulu akati, "Mwadzuka bwanji, a Kalulu?" mwaulemu wonyogodola, wojambula amadziwa kuti khosi litsike pang'ono, maso atsinzine mwachinyengo. Akati, "Iwe Kalulu, taima pomwepo!" khosi limatuluka lonse m'chigoba. Kusiyana kumeneku sikuoneka papepala. Kumamveka m'khutu, ndipo dzanja limatsatira.

M'zaka za m'ma 1930 masitudiyo awiri akuluakulu a ku America adali ndi njira zosiyana. Situdiyo ya Walt Disney idazolowera kutepa mawu poyamba, pomwe ya abale awiri, Max ndi Dave Fleischer, ku New York nthawi zambiri inkaika mawu zithunzi zitatha. N'chifukwa chake m'makatuni akale a Popeye mumamveka mtengambaliyo akung'ung'udza yekha milomo yake ili duu. Jack Mercer, yemwe ankamulankhulira, ankangoonjezera nthabwala zake pamalo pomwe wojambula sadasiye pakamwa potsegula. Zidasanduka chizindikiro chokondedwa cha makatuniwo, koma zikusonyeza malire a njirayo: wolankhula amakakamizika kuthamangitsana ndi chithunzi.

Mawu akatsogola, wolankhula amakhala womasuka ndipo wojambula amapeza chakudya. Mu filimu ya Aladdin ya 1992, Robin Williams adalankhulira chiwanda cha mu nyale ndipo mawu ambiri ankangowapeka pomwepo ali pa maikolofoni. Wojambula Eric Goldberg ndi anzake adasankha zokoma mwa zomwe zidatepedwazo, n'kumasintha maonekedwe a chiwandacho motsatira liwu lililonse. Zikadakhala kuti zithunzi zidatha kale, nthabwala zimenezo zikadasowa polowera.

Chitsanzo chogwira mtima kwambiri pa mafilimu aafupi ndi Creature Comforts, katuni ya mphindi zisanu yomwe Nick Park adapanga mu 1989 ku situdiyo ya Aardman mumzinda wa Bristol ku England. Filimuyi idamangidwa pa mawu a anthu wamba omwe adafunsidwa mafunso, ena okhala m'nyumba yosungira okalamba, ena a m'dera lomwelo. Mayankho awo adaikidwa m'kamwa mwa nyama zoumbidwa ndi dongo lofewa, zomwe zikuoneka ngati zikufotokoza za moyo wa kumalo osungira nyama. Mnyamata wina wa ku Brazil yemwe ankadandaula za kuzizira, chakudya ndi kuchepa kwa malo ku England adasanduka chilombo cha mtundu wa mkango chodandaula za khola lake. Kuzengereza, kubwereza mawu ndi kupuma kwa anthu enieniwo ndiko kudapatsa nyamazo moyo. Filimuyi idapata mphoto ya Oscar mu 1991.

Sikuti njira inayo idatha. Ku Japan makatuni ambiri a pa wailesi yakanema amaikidwa mawu zithunzi zitatha kapena zili pafupi kutha, ndipo milomo ya atengambali imangotseguka ndi kutsekeka mosalondola kwenikweni liwu lililonse. Filimu ya Akira ya 1988, yomwe adatsogolera Katsuhiro Otomo, idatchuka mwa zina chifukwa idapatuka pa chizolowezicho n'kutepa mawu poyamba. Njira yoika mawu pambuyo imafuna olankhula ozolowera kwambiri kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi. Kagulu kongoyamba kumene kamapepukidwa kakatsogoza mawu.

Nkhani pakhoma

Mawu akamveka, nkhani imasanduka zithunzi zing'onozing'ono zondondozana, zomwe zimatchedwa storyboard. Chithunzi chilichonse chimaimira kachigawo kamodzi kapena kusintha kwakukulu mkati mwa kachigawoko. Chimasonyeza yemwe akuoneka, komwe wayang'ana, kutalika kwa pomwe woonera waima, ndi mawu omwe akulankhulidwa pa nthawiyo.

Njirayi idakhazikika ku situdiyo ya Disney kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Wojambula wina, Webb Smith, ndiye amatchulidwa kuti adayambitsa kujambula zigawo pamapepala osiyana n'kuwakhoma pabolodi motsatana, ndipo katuni yaifupi ya Three Little Pigs ya 1933 imatchulidwa kawirikawiri ngati yoyamba kukonzedwa yonse mwa njira imeneyi. Ubwino wake ndi woti pepala limodzi likhoza kuchotsedwa, kusunthidwa kapena kung'ambidwa popanda kuononga ena.

Zithunzi za pa storyboard siziyenera kukongola. Mutu wozungulira, mizere iwiri ya makutu ndi maso osonyeza komwe Kalulu wayang'ana n'zokwanira. Wojambula akataya ola lathunthu kukongoletsa chithunzi chimodzi, mtima umamuwawa pochitaya ngakhale chikuononga nkhani. Komanso kukongola kumanyenga oonera. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chithunzi chosiririka chimatha kubisa chigawo chopanda kanthu.

Storyboard ili ndi chilema chimodzi chachikulu: ilibe nthawi. Woyang'ana pakhoma amatha kuima pa chithunzi chimodzi mphindi yathunthu n'kudumpha zitatu zotsatira. Sangadziwe ngati nthabwala ikufika msanga kapena mochedwa. Apa m'pomwe animatic imalowera.

Momwe animatic imapangidwira

Zithunzi za pa storyboard zimajambulidwa ndi foni kapena sikana n'kulowetsedwa mu pulogalamu yodulira mafilimu pa kompyuta. Mawu otepedwa amaikidwa pamzere wake, ndipo chithunzi chilichonse chimapatsidwa nthawi yomwe chidzakhale pamaso pa woonera: ichi sekondi imodzi, icho masekondi atatu ndi theka. Pamaonjezedwa phokoso longogwirizira, monga kuthira kwa madzi m'chikho kapena mapazi pa masamba ouma, ndi nyimbo yongobwereka. Zikaseweredwa, munthu amaonera filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, ngakhale palibe chomwe chikuyenda.

Nayonso njirayi ndi yakale. Ku Disney filimu yoyesera yotereyi inkatchedwa Leica reel, dzina lochokera ku kampani ya ku Germany yopanga makamera. Kale pankafunika kujambula pepala lililonse pa filimu yeniyeni ndi kuichapa. Lero ntchito yomweyo imatheka pa laputopu wamba. Mapulogalamu monga Blender, Krita, OpenToonz ndi Kdenlive ndi aulere, ndipo Audacity, yodulira mawu, nayonso siigulidwa.

Mawu a mu animatic yoyamba nthawi zambiri amakhala ongogwirizira. Wolemba, wojambula ndi aliyense wopezeka pafupi amawerenga mbali za atengambali, kuti akatswiri enieni adzaitanidwe nkhani itakhazikika. Nthawi zina mawu ogwirizirawo amakoma mpaka kukhala omwewo. Ku Pixar, Joe Ranft, yemwe ntchito yake inali yokonza nkhani, adagwirizira mawu a mbozi yotchedwa Heimlich mu A Bug's Life ya 1998 ndipo adatsala momwemo. Brad Bird, wotsogolera The Incredibles ya 2004, adachitanso chimodzimodzi ndi mayi wosoka zovala wotchedwa Edna Mode.

Animatic imayankha mafunso omwe pepala silingayankhe. Loyamba ndi la kutalika: sewero lomwe linkaoneka ngati la mphindi zitatu limatha kutuluka la mphindi zisanu, ndipo mphindi ziwiri zoonjezerazo ndi zithunzi 1,440. Lachiwiri ndi la kumveka kwa nkhani: kodi munthu wosaidziwa nthanoyo akuzindikira kuti Kalulu wamangirira mlonda mwachinyengo? Lachitatu ndi la malo: ngati Kalulu adathawira kudzanja lamanja m'kachigawo kena, n'kuoneka akuthamangira kumanzere m'kotsatira, woonera amaganiza kuti wabwerera. Lachinayi ndi la kupuma. Fulu atagwira mwendo wa Kalulu, pamafunika kamphindi ka chete kuti oonera aone nkhope ya Kalulu ikusintha asanayambe kuchonderera. Kusiyana kwa theka la sekondi kumatha kupha kapena kudzutsa nthabwala.

Tsiku lomwe Toy Story idatsala pang'ono kufa

Phindu la filimu yoyesera lidaonekera poyera pa 19 November 1993. Tsiku limenelo John Lasseter ndi anzake a ku Pixar adaonetsa akuluakulu a Disney gawo loyamba la Toy Story lili m'zithunzi za pensulo ndi mawu. Kwa miyezi yambiri adakhala akulandira malangizo oti nkhaniyo ikhale yaukali ndi yokomera akuluakulu, ndipo kusintha kulikonse pakokha kunkaoneka kwabwino. Zonse zitaikidwa pamodzi n'kuseweredwa, zidadziwika kuti Woody, chidole chomwe chimayenera kukondedwa ndi oonera, adasanduka wankhanza wonyoza zidole zinzake, mpaka kuponya dala Buzz pawindo.

Disney idalamula kuti ntchito iime. A Pixar adapempha nthawi yochepa kuti akonzenso nkhani, ndipo adabwerera ku mapepala ndi mapensulo. Woody adasanduka mtsogoleri wabwino yemwe wagwidwa ndi nsanje, ndipo kugwa kwa Buzz pawindo kudakhala ngozi yobwera chifukwa cha kachiwembu kakang'ono komwe kadapitirira muyeso. Ntchito idayambiranso kumayambiriro kwa 1994, ndipo filimuyo idatuluka mu November 1995 ngati filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pa kompyuta.

Chomwe chidatayidwa pa nthawiyo chinali mapepala ndi mawu otepedwa. Vutolo likadadziwika zithunzi zenizeni zitapangidwa, ndalama zokonzera sizikadapezeka mosavuta. Ngati akatswiri a msinkhu umenewo sadathe kuona cholakwikacho papepala, wongoyamba kumene alibe chifukwa chodzidalira kuti adzachiona.

Kutepa mawu enieni

Nkhani ikakhazikika mu animatic, olankhula enieni amaitanidwa. Chofunika kwambiri pa tsikuli ndi chipinda, kuposa mtengo wa maikolofoni. Chipinda cha makoma osalala ndi simenti pansi chimabweza mawu, ndipo kubweza kumeneko n'kovuta kuchotsa pa kompyuta. Mabulangete opachikidwa m'makoma, matiresi oimikidwa pakona ndi mkeka kapena kapeti pansi zimameza mawu obwererawo. Nthawi nayo imasankhidwa: mvula pa denga la malata, jenereta, chigayo chapafupi ndi tambala wa kwa aneba zonse zimalowa mu maikolofoni. Mawu a filimu amatepedwa pa muyeso wa 48 kHz ndipo amasungidwa ngati WAV, pakuti MP3 imataya zina mwa zomwe zatepedwa.

Wolankhula amaima kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa maikolofoni, ndipo kansalu kopyapyala pakati pake kamateteza mpweya wa malembo monga p ndi ph kuti usaphulike. Mzere uliwonse umatepedwa kangapo m'njira zosiyana: mwaukali, monyengerera, monong'ona. Zomwe sizidalembedwe m'sewero nazo zimatepedwa, monga kuseka, kuusa moyo, kudzuma ponyamula chinthu cholemera ndi kupuma mwawefuwefu pothamanga. Pomaliza onse amakhala chete kwa theka la mphindi makina akutepabe, kuti papezeke phokoso lachibadwa la chipindacho lodzatsekera mipata pakati pa ziganizo.

M'masitudiyo akuluakulu olankhula amatepedwa mmodzimmodzi, mwina miyezi yosiyana. Pali ena omwe adasankha kuwasonkhanitsa. Wes Anderson, pokonza Fantastic Mr. Fox ya 2009, adatengera George Clooney ndi anzake ku famu ina, komwe adatepa mawu panja, m'khola ndi m'nkhalango, kuti amveke ngati anthu omwe akuchitadi zinthuzo. Kusonkhanitsa olankhula kumabweretsa kuyankhana kwachibadwa, koma kuli ndi msampha wake: awiri akalankhulira pamodzi pa maikolofoni imodzi, mawu awo sangalekanitsidwenso podula.

Mawu atsopanowa amalowa m'malo mwa ogwirizira aja, ndipo nthawi ya zithunzi imakonzedwanso, chifukwa katswiri salankhula pa liwiro lomwe wolemba ankawerengera.

Milomo ya Chichewa

Gawo lotsatira ndi kuwerenga mawu chithunzi ndi chithunzi. Wokonza amamvetsera pang'onopang'ono n'kulemba papepala la mizere, lotchedwa exposure sheet, pomwe liwu lililonse layambira ndi pomwe lathera. Mzere umodzi umaimira chithunzi chimodzi mwa 24 za pa sekondi. Pepala limeneli ndilo limauza wojambula kuti pa chithunzi chakuti milomo itsekeke, pa chakuti itseguke.

Apa Chichewa chili ndi mwayi wake. Chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o ndi u, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa malembo amenewa. Kalembedwe kake kamatsatira katchulidwe, motero wowerenga mawu savutika ngati wa Chingerezi, yemwe amakumana ndi malembo olembedwa koma osatchulidwa. Chiganizo cha Fulu chija, "Mwadzuka bwanji, a Kalulu?", chili ndi maphatikizo asanu ndi anayi. Milomo imatsekeka pa mwa ndi pa bwa, imasongoka pa dzu ndi pa lu, imayasama pa ka, ndipo imatambasuka pa nji. Chikalankhulidwa m'masekondi awiri, ndiye kuti chatenga zithunzi 48, zomwe ndi zithunzi zisanu kapena kuposerapo pang'ono pa phatikizo lililonse. Koma sizigawidwa mofanana, pakuti m'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo limakokedwa. Lu woyamba wa Kalulu amatenga nthawi yaitali kuposa wachiwiri, ndipo wojambula akapanda kumva zimenezi, mtengambali wake amaoneka ngati mlendo wophunzira chiyankhulo.

Sipafunika kujambula pakamwa patsopano pa liwu lililonse. Milomo isanu ya malembo a liwu, umodzi wotsekeka wa m, b ndi p, wina wa f ndi v pomwe mano akumwamba amakhudza mlomo wam'munsi, ndi wina wopumula, n'zokwanira. Situdiyo ya Hanna-Barbera, yomwe idapanga The Flintstones kuyambira mu 1960, idatulutsa makatuni ambirimbiri a pa wailesi yakanema pogwiritsa ntchito milomo yowerengeka chabe yobwerezedwa. Akatswiri amalangiza kuti milomo yotsekeka ikhale zithunzi zosachepera ziwiri kuti diso liione, ndiponso kuti pakamwa patseguke chithunzi chimodzi kapena ziwiri liwu lisanamveke. Pali mapulogalamu omwe amayesa kuchita ntchitoyi okha, koma ambiri adakonzedwera Chingerezi, choncho zotsatira zake pa Chichewa zimafunika kuunikidwa ndi khutu la mwini chiyankhulo.

Milomo siyo yonse. Oonera amayang'ana kwambiri maso, mutu ndi manja. Mtengambali yemwe thupi lake likugwirizana ndi tanthauzo la mawu amakhulupirika ngakhale milomo italakwika pang'ono, pomwe wa milomo yolondola koma thupi lili njo amaoneka ngati chidole cha m'sitolo.

Kutseka animatic

Imafika nthawi yomwe kagulu kamagwirizana kuti animatic yatsekedwa, kutanthauza kuti palibenso kusintha mawu, kutalika kwa zigawo kapena dongosolo lake. Kuchokera apa animatic imasanduka mlozo wa ntchito yonse. Kachigawo kalikonse kamapatsidwa nambala, ndipo pambali pake pamalembedwa kuchuluka kwa zithunzi, atengambali omwe akuoneka ndi malo omwe akufunika kumbuyo kwawo. Powerenga ndandanda imeneyi, wokonza amadziwa kuti pakufunika malo angati ojambulidwa, masiku angati ndi ndalama zingati. Wofuna thandizo kwa kampani kapena bungwe amakhalanso ndi chinthu chooneka choti asonyeze, m'malo mongofotokoza pakamwa. Kachigawo kakamalizidwa kamalowetsedwa mu animatic m'malo mwa chithunzi cha pensulo chija, mpaka filimu yonse itavala utoto.

Pali nkhani ziwiri za malamulo zomwe zimaiwalika. Yoyamba ndi ya olankhula: aliyense ayenera kusaina pepala lovomereza kuti mawu ake agwiritsidwe ntchito, ndipo ngati ndi mwana, kholo kapena womulera ndiye amasaina. Yachiwiri ndi ya nyimbo yobwereka ija. Kagulu kakaimva maulendo ambirimbiri kamaizolowera mpaka kuona ngati filimu singaime popanda iyo, koma nyimboyo ili ndi mwini wake. Ku Malawi nkhani za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo nyimbo ya munthu wina siilowa mu filimu yotulutsidwa popanda chilolezo. Njira yabwino ndi kupeza woimba msanga, kumupatsa animatic yotsekedwa, kuti apeke nyimbo yogwirizana ndi nthawi yake.

Khomo lomwe latseguka

Makatuni a m'chigawo chino cha Africa ayamba kufika patali. Mu July 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mumzinda wa Lusaka wam'tsogolo, yomwe adaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia mothandizana ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Mwezi womwewo Disney+ idatulutsa Kizazi Moto: Generation Fire, mafilimu aafupi khumi a okonza ochokera ku Egypt, Kenya, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Mu 2025 filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, yomwe idapangidwa ndi pulogalamu yaulere ya Blender, idapata Oscar. Zida zatsika mtengo, ndipo filimu yaifupi ndiyo kalata yomwe wojambula wachinyamata amadzidziwitsira kwa omwe angamupatse ntchito yaikulu.

Chomwe sichidatsike mtengo ndi nthawi ya munthu. Ngozi yaikulu kwa wongoyamba ndi kuthamangira kujambula chigawo choyamba mokongola, kutha miyezi iwiri pa masekondi 30, kenako n'kuzindikira kuti nkhani ilibe mathero kapena mawu sakukwana m'zithunzi. Mafilimu otero amafera mu laputopu. M'mera mpoyamba, ndipo pa katuni poyamba pake ndi sabata zochepa zomwe zimathera pa pensulo, maikolofoni ndi wotchi.

Animatic isanatsekedwe pali muyeso umodzi wosafuna ndalama. Imaonetsedwa kwa anthu angapo omwe sadawerenge sewero, makamaka ana ngati filimuyo ndi ya ana, ndipo wokonza amakhala pambali osafotokoza kanthu. Amayang'ana pomwe aseka, pomwe ayamba kuyang'ana kumbali, ndi pomwe afunsana kuti chachitika n'chiyani. Pomaliza amapempha mmodzi kuti asimbe zomwe waona. Mwanayo akasimba bwino momwe Fulu adagwirira Kalulu pachitsime, pamene waonera mizere ya pensulo yokha, ntchito yojambula zithunzi 2,160 zija ikhoza kuyambika.